Malamulo a maboti okasangalalira: boti anathana nalo, woyendetsa ndiye akuvutabe

Sitima yaikulu yonyamula anthu kapena katundu siimangodzuka nkunyamuka padoko. Kaputeni ali ndi mapepala ake, antchito anaphunzitsidwa, maboti opulumukira anawerengedwa, ndipo penapake pali munthu wa boma amene anasaina kuti zonse zili m'malo. Koma pamadzi omwewo pamathamanganso timaboti ta anthu wamba ta mamita 5 kapena 6, injini yake yamphamvu kuposa ya galimoto, ndipo m'mayiko ena amene wagwira chiwongolerocho sanalembepo mayeso olo amodzi. Wagula Lachisanu, Loweruka ali pakati panyanja ndi ana komanso anzake. Ukatsatira bwinobwino mmene malamulo a maboti amenewa akhala akusinthira kwa zaka zoposa 100, chimene chimaonekera ndi chakuti maboma anakwanitsa kulamulira boti lenilenilo, kapangidwe kake ndi zida zake, koma munthu wokweramo ndiye akuwazunguza mutu mpaka lero.

Poyamba penipeni nkhani sinali ya timaboti ayi. Titanic itamira mu 1912 mayiko anakumana nkupanga pangano loteteza miyoyo panyanja la SOLAS mu 1914, limene likugwira ntchito panopa ndi la 1974, ndipo limayang'aniridwa ndi bungwe la United Nations loona za sitima zapanyanja la IMO lomwe likulu lake lili ku London. Kungoti mbali yaikulu ya panganoli ndi ya sitima zikuluzikulu zamalonda zoyenda pakati pa mayiko, boti la kumapeto kwa sabata simulipeza kwenikweni. Chomwe chimagwira aliyense ndi malamulo opewera kugundana panyanja, aja a 1972 amene anayamba kugwira ntchito mu 1977. Amenewo amati paboti lililonse pazikhala wina woyang'ana ndi kumvetsera nthawi zonse, liwiro lizikhala loyenera malo ndi nyengo, usiku nyali yofiira kumanzere yobiriwira kumanja, ndipo maboti awiri a injini akakumana maso ndi maso aliyense akhotere kudzanja lamanja. Zina zonsezi, kaya layisensi kaya zida kaya zaka za woyendetsa, dziko lililonse linasiyiridwa kuti lione lokha, nde mpake kuti malamulo ake ali ngati nsalu ya zigamba zokhazokha, ukangowoloka malire zasintha kale.

Pali ngozi ina yakale yomwe sinali ya boti laling'ono koma inasiya funso lomwe likadalipo. Mu 1904 sitima ya General Slocum inapsa pa East River ku New York itanyamula gulu la mpingo lomwe limapita kokasangalala, anthu oposa 1,000 anafa, ambiri amayi ndi ana. Ma life jacket, majekete oyandamitsa munthu aja, analimo ndithu, woyendera atawerenga anakwana, koma anali ovunda, cork (khungwa lopepuka loyandama) ya mkati itasanduka fumbi, mapaipi ozimitsira moto nawo anangophulika madzi atalowa. Chinthu kupezeka m'boti ndi chinthu kugwira ntchito ndi nkhani ziwiri, ndipo lamulo limakonda yoyambayo chifukwa ndi yosavuta kuwerenga.

Timaboti tinalowa m'malamulo chifukwa cha injini. Kale kuyenda panyanja mongosangalala kunali kwa anthu ochita bwino okhala ndi ma yacht a matanga, omwe ankalemba akatswiri oti aziwayendetsera. Cha mu 1909 Ole Evinrude wa ku America anayamba kupanga injini yongopachika kumbuyo kwa boti, ndipo sipanapite nthawi aliyense wokhala ndi kabwato anatha kukasandutsa boti la injini. America inakhazikitsa Motorboat Act mu 1910, ina mu 1940, zonsezo zinali za mndandanda wa katundu: nyali, wezulo, chozimitsira moto, zoyandamitsa. Nkhondo yachiwiri itatha kunabwera fibreglass, pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi, maboti anatchipa, amatuluka mufakitale mwaunyinji, ndipo mu 1958 panabwera lamulo latsopano la kalembetsedwe ka maboti ndi manambala ake. Anthu anapitirira kufa basi. Mu 1973 okha ku America kunafa anthu 1,754 pangozi za maboti okasangalalira, chomwe ndi chiwerengero chokwera kwambiri m'mbiri ya dzikolo.

Pomwe zinthu zinatembenukira ndi lamulo la Federal Boat Safety Act la 1971, lomwe linapatsa a Coast Guard, asilikali olondera m'madzi a ku America, mphamvu zouza makampani opanga maboti mmene boti liyenera kukhalira lisanatuluke pageti la fakitale. Apa mpofunika kuima pang'ono chifukwa zambiri zimene anthu amaziona ngati zachibadwa pa boti lero zinachokera pamenepa. Kuyambira 1972 boti lililonse limakhala ndi nambala yakeyake ya zilembo 12 yodindidwa kumbuyo chakumanja, kuti likapezeka ndi vuto la kufakitale athe kuitanitsa onse a mtundu umenewo. Maboti osafika mafiti 20 (pafupifupi mamita 6) amakhala ndi kachitsulo pafupi ndi chiwongolero kolembedwa kuti anthu angakwere angati, kulemera konse ndi kotani, injini isapose mphamvu zingati. Kenako nkhani ya foam, chinthu chopepuka choyandamitsa, yobisidwa pansi ndi m'mbali mwa boti. Poyamba ankangofuna kuti boti likadzaza madzi lisamire, koma zinaoneka kuti limatha kuyandama chogwadira, injini yakokera kumbuyo pansi mphuno yokha ili m'mwamba, yoterera, palibe pogwira. Nde kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anati maboti ang'ono a injini yapanja aziyandama chogona ngakhale madzi atadzaza thoo, kuti anthu azikhalabe mkati kapena kukangamira m'mphepete mpaka thandizo lifike. Ka lamulo kooneka kachabechabe koma kamasiyanitsa maliro ndi nkhani yoseketsa yokamba madzulo.

Chimodzimodzi petulo. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, m'galimoto imagwera pansi nkumwazika, koma boti pansi pake ndi potseka, nde imangodikha mmenemo kudikira kamoto kamodzi ka sitata. Nchifukwa chake panabwera malamulo a matanki, mapaipi, zida zamagetsi zosathetheka, ndi kafani kotulutsa mpweya komwe amati kaziyamba kazungulira mphindi 4 usanalize injini. Cha mu 2000 kunatulukiranso vuto lina pa Lake Powell ku America konko, pomwe anthu osambira kumbuyo kwa maboti okhala ngati nyumba aja ankakomoka nkumira chifukwa cha utsi wa carbon monoxide wa jenereta womwe unkadzadza pansi pa thandala lakumbuyo, mpaka makampani anachita kusintha potulukira utsi. Zotsatira za zonsezi zikuoneka: mu 2023 ku America kunafa anthu 564, chonsecho maboti achuluka kwambiri kuyerekeza ndi 1973.

Ku Europe anadzera khomo lina, la malonda. Dziko lililonse linali ndi miyezo yake ndipo wopanga maboti ku Italy ankavutika kugulitsa ku Germany, nde mu 1994 panabwera lamulo limodzi la Recreational Craft Directive la maboti a mamita 2.5 mpaka 24, lomwe linakhala lokakamiza mu 1998, nkudzalembedwanso mu 2013. Mmenemo boti lililonse limaikidwa m'gulu malinga ndi nyanja yomwe lingapirire. Gulu A ndi la mafunde oposa mamita 4 ndi mphepo yoposa 8 pa sikelo ya Beaufort yoyezera mphamvu ya mphepo, B mpaka mamita 4, C mpaka mamita 2, D ndi la madzi odekha a mafunde osaposa mamita 0.3. Nzeru yabwino ndithu, koma chilembocho chimangouza wogula, sichimuletsa kutenga boti la gulu D nkupita nalo komwe kukufunika la B.

A mipikisano ya ma yacht nawo ali ndi malamulo awoawo, ndipo ambiri analembedwa maliro atachitika. Mu 1979 namondwe anagwera mpikisano wa Fastnet, m'nyanja ya pakati pa England ndi Ireland, womwe munali ma yacht 303, opikisana 15 anafa, ndipo zinapezeka kuti ena anasiya ma yacht awo nkulowa m'timaboti topopa topulumukira, timabotito nkung'ambika pomwe yacht yosiyidwayo inapezeka pambuyo pake ikuyandama. Mu 1998 mpikisano wa Sydney kupita ku Hobart ku Australia unapha anthu 6, mwa maboti 115 omwe ananyamuka anafika 44 okha. Kuchokera apo malamba odzimangirira ku boti, wailesi, maphunziro opulumukira panyanja ndi kuyesa ngati yacht ingadzuke ikagubuduzika zinakhwimitsidwa, ndipo zambiri mwa izo zinatsikira kwa anthu wamba pang'onopang'ono boma lisanalankhule nkomwe.

Tsono tifike pa munthu, pomwe pali mutu weniweni. Ku France ukafuna kuyendetsa boti la injini yoposa mahosipawa 6 pamafunika layisensi. Ku Germany malire ake m'madzi ambiri ndi mahosipawa 15. Canada inayambitsa khadi la woyendetsa mu 1999 ndipo pofika 2009 aliyense wa boti la injini ankayenera kukhala nalo. Ku America zimatengera state, California inayamba mu 2018 ndi achinyamata nkumakwera ndi zaka mpaka mu 2025 aliyense analowa. Pomwe ku Britain, dziko la zilumba lomwe anthu ake ndi akatswiri a panyanja, ukhoza kutenga boti lako nkulowa nalo m'nyanja yamchere popanda pepala lililonse, maphunziro a bungwe lawo la oyendetsa maboti la RYA ndi ongofuna wekha. Iwo amati munthu wophunzira mwakufuna kwake amaphunzira zambiri kuposa wongofuna kukhoza mayeso, ndipo kunena chilungamo mfundoyi si yopepuka. Mayeso ambiri a makadiwa ndi a pa intaneti, kusankha yankho pa mayankho anayi, munthu nkukhoza bwinobwino asanagwirepo chiwongolero, asakudziwa kuti boti lilibe mabuleki, kuti likamakhota ndi kumbuyo komwe kumatayika, kuti mphepo ndi madzi zimakukankha olo injini itazima. Komabe ine ndimaona kuti bola kamayeso kochepako kusiyana ndi kungomusiya munthu, chifukwa amene amapita kukaphunzira mwakufuna kwawo ndi anthu osamala kale, wovutayo sabwera pokhapokha umukakamize.

Pa life jacket ndi pomwe mkangano umafika potentha. Malipoti a Coast Guard chaka ndi chaka amanena zofanana: mwa anthu ofa pangozi za maboti, pafupifupi atatu mwa anayi alionse amafa chomira, ndipo mwa omirawo oposa 80 pa 100 alionse sanavale life jacket. Ambiri sikuti analibe, inali m'boti momwemo, pansi pa mpando, mwinanso ikadali m'pulasitiki yake ya kusitolo, chifukwa lamulo m'malo ambiri limati ikhalemo, silinena kuti uvale. Wapolisi wapamadzi akaimitsa boti amawerenga mitu nkuwerenga majekete, zakwana, pitani. Koma munthu sagwera m'madzi atakonzeka. Boti lagunda funde, wapezeka ali m'madzi, ndipo ngati madziwo ndi ozizira thupi limadzikokera mpweya lokha mwadzidzidzi osafuna, mutu ukakhala pansi pamadzi nthawi imeneyo ndiye kuti wakoka madzi. Pakangopita mphindi zochepa zala zimauma, olo wina akuponyere jekete kumanga lamba wake sungathe. Kudziwa kusambira apa sikuthandiza kwenikweni.

Mayiko ena analimba mtima. Ku Ireland aliyense wokwera boti losafika mamita 7 amayenera kuvala. State ya Victoria ku Australia inalamula zovala pamaboti ang'onoang'ono mu December 2005 ndipo kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti omira anachepa kwambiri. Ku America lamulo la boma lalikulu limakakamiza ana osafika zaka 13 okha, akuluakulu akangomva zoti azikakamizidwa amakwiya, ati tinabwera kunyanja kudzapuma osati kudzamangidwa m'zingwe, kunja kukutentha. Makampani anayesa kuthetsa dandaulo limeneli ndi majekete opopa okha aja, opyapyala ngati lamba wa pakhosi, omwe Coast Guard inawavomereza mu 1996. Ndi abwino kuvala zoona, kungoti ali ndi kabotolo ka gasi mkati komwe kamatha kumasuka kapena kuchita dzimbiri, ndipo osakayang'ana chaka ndi chaka tabwereranso kwa General Slocum, jekete ilipo koma siifufuma.

Mowa ndiye sitinganene zambiri, umatsogola pa zifukwa zodziwika za ngozi zakupha pafupifupi chaka chilichonse m'malipoti omwewo. Malire a mowa m'magazi ku America ndi 0.08 peresenti ngati a pamsewu, koma panyanja palibe rodibuloko, ndipo dzuwa, kugwedezeka ndi phokoso la injini zimamutopetsa munthu asanamwe nkomwe. Chinanso, woyendetsa akhoza kukhala wosamwa koma wokwera woledzera ataima m'mphepete kuti ataye madzi nkugwera, lamulo silinafike kumeneko.

Ndiye pali kachingwe kofiira kopotana kaja, kamene mbali imodzi umakola pa switch ya injini ina nkumanga pamwendo. Woyendetsa akagwera m'madzi kachingweko kamazuka injini nkuzima. Popanda iko boti silipita kutali ayi, chiwongolero chimagwera mbali imodzi nkuyamba kuzungulira pamalo omwewo pa liwiro lonse, kubwerera pomwe pali anthu ogwawo, pulopela ikuzungulira. Zimenezi zinachitika ku Padstow ku England mu 2013, banja lonse linatayidwa m'madzi pokhota, kachingwe sikanamangidwe, bambo ndi mwana wake wamkazi anafa, ena anavulala koopsa. Kachingweko kanalipo kwa zaka zambirimbiri, koma ku America lamulo loti uzikamanga ndithu pa maboti osafika mafiti 26 (pafupifupi mamita 8) linayamba mu April 2021. Pano kuli kopanda chingwe, kongovala padzanja ngati wotchi, ukatalikirana ndi boti injini imazima yokha, ndipo ine ndikuona kuti tsogolo la malamulowa lili mbali imeneyi. Boma likalephera kusintha khalidwe la munthu limabwerera kufakitale komwe linapambanako kale, nkuuza wopanga kuti chidacho chizichita chokha zomwe munthu amaiwala.

Kumbali yopulumutsa zinthu zinasintha kale kwambiri. Dongosolo la masetilaiti la Cospas-Sarsat linapulumutsa anthu ake oyamba mu 1982, ndipo lero kachida kokwana m'thumba kamatumiza chizindikiro pa 406 MHz chonena kuti ndiwe ndani ndipo uli pati. Wailesi ya VHF ili ndi tchanelo 16 cha ngozi komanso batani lofiira lotumiza malo ako lokha, bola ngati mwiniwake anailembetsa nkuilumikiza ku GPS, zomwe ambiri sachita. Ambiri amangodalira foni, yomwe ikanyowa kapena netiweki ikathawa basi zathera pomwepo, komanso foni imaimbira munthu mmodzi pomwe wailesi imamveka ku maboti onse apafupi omwe angafike msanga.

Vuto lomwe likukula ndi la zoyandama zatsopano zomwe lamulo silikuzidziwa. Jet ski, njinga yamoto ya pamadzi, inatchuka kuyambira m'ma 1970, ndipo ili ndi khalidwe lachilendo: imakhota ndi mphamvu ya madzi omwe ikupopa, nde munthu wamantha akaona chinthu kutsogolo nkusiya mafuta, chiwongolero chimasiya kumvera nkupita molunjika komwe amathawako. Ku Britain khoti la apilo linagamula mu 2005 kuti jet ski siili m'gulu la sitima malinga ndi lamulo lomwe linalipo, munthu yemwe anavulaza mnzake sanathe kulangidwa ndi lamulo limenelo, ndipo mpatawo unadzatsekedwa mu 2023. Zaka 18 eti. Mathabwa opalasa choimirira aja, Coast Guard inawaika m'gulu la maboti mu 2008, koma anafala kwambiri atayamba kupangidwa opopa, otchipa, ogula pa intaneti popanda wokuuza chilichonse za mphepo yochokera kumtunda kapena za chingwe cha pamwendo chomwe m'madzi othamanga chimatha kukola pachinthu nkukugwirira pansi. Mu 2021 anthu 4 anafa ku Haverfordwest ku Wales gulu lawo litatsetserekera pa kadamu ka mumtsinje wosefukira. Pano kwabweranso mathabwa a batire ouluka pamwamba pamadzi, ndipo opanga malamulo akadali kukanda mutu kuti amenewa ndi a m'gulu liti.

Mabatire a lithium nawo abweretsa mtundu wina wa moto. Malamulo onse aja anapangidwira petulo ndi dizilo, koma batire ikayamba kutentha yokha mkati imadzidyetsa, chozimitsira moto wamba sichikwanitsa, utsi wake ndi wapoizoni, ndipo paboti kothawira ndi m'madzi basi. Mabungwe a miyezo monga ISO ya dziko lonse ndi ABYC ya ku America, yomwe inayamba mu 1954, alemba kale miyezo ya kaikidwe kake, koma woopsa kwambiri si boti lamagetsi lochokera kufakitale, ndi munthu yemwe wagula batire yotchipa nkuilumikiza yekha m'boti la zaka 40. Ndipo maboti akale ndi ambiri, fibreglass siiwola msanga, malamulo atsopano a kapangidwe amagwira maboti atsopano okha, nde zimatenga zaka makumi kuti kusintha kufike pamadzi.

Kubwereketsa kudzera pa foni kwasokonezanso mzere wakale wa pakati pa boti lamalonda ndi la munthu payekha. Mwini boti akalibwereketsa kwa mlendo kwa maola angapo, kapena akaliyendetsa yekha atalandira ndalama, ndi malamulo ati akugwira? M'malo ambiri obwereka amakhululukidwa pa layisensi, amangouzidwa mwachidule padoko, chonsecho iwowo ndiwo osadziwa kwambiri. Apa a inshuwalansi ndi eni madoko ayamba kuchita zomwe boma likuzengereza, kufunsa satifiketi, kufunsa lipoti la woyendera boti, kukana mabatire ena, ndipo munthu amawamvera msanga kuposa wapolisi yemwe mwina sadzakumana naye chaka chonse.

Pomaliza pali makompyuta oyendetsa. Kampani ya injini za maboti ya Volvo Penta inatulutsa makina othandiza kukocheza padoko mu 2021, makampani ena akuika makamera ozindikira boti lina, chigubu kapena mutu wa munthu wosambira. Zithandiza, makamaka padoko pomwe ongoyamba kumene amachita manyazi nkupanikizika. Koma lamulo lija la 1972 likunenabe kuti pazikhala kuyang'ana ndi maso ndi kumvetsera ndi makutu, ndipo boti lodziyendetsa pang'ono likagunda wosambira makhoti adzayenera kusankha pakati pa amene anali pachiwongolero akuyang'ana sikirini ndi kampani yomwe inalemba pulogalamuyo. IMO ikukonza malamulo a sitima zikuluzikulu zodziyendetsa, timaboti sitili patsogolo pa mndandandawo, nde zikuoneka kuti dziko lililonse lidzayambanso kusoka chigamba chakechake, ena msanga ena pambuyo pa ngozi yoyamba yotchuka.